Buku Limene Linabisa Kwawo

Anthu ambiri akamva kuti ntchito yanga ndi yofufuza mabuku akale a Chilatini olembedwa pamanja, amayesa kuti ndimakhalira kuwerenga mawu a m'mabukumo. Koma kunena zoona, mawuwo ndiwo mbali yochepa ya ntchito, pakuti Baibulo la Chilatini lilipo losindikizidwa kale. Chimene ife timachita ndicho kulifunsa buku monga mfumu ifunsira mboni pabwalo: unalembedwa kuti, ndi dzanja la yani, ndipo unagona m'nyumba za yani usanafike pano? Mboniyo ikazemba, timafunsa chikopa chake, inki yake ndi kaumbidwe ka zilembo zake.

Taonani Codex Amiatinus, Baibulo lathunthu lakale koposa onse otsala a Vulgate, ndiko kumasulira kwa Jerome Woyera. Lili ndi masamba oposa 1,000 a zikopa za matole, zimene zinafuna ng'ombe zoposa 500, ndipo limalemera makilogalamu ngati 34. Zilembo zake ndi zija zazikulu zobulungira zotchedwa uncial, zolembedwa mwaudongo ndi alembi angapo amene anaphunzitsidwa dzanja lofanana. Ndipo mizere anaidula motsata mpweya wa wowerenga, kuti woyima pamaso pa mpingo adziwe popumira. Kumayambiriro kuli chithunzi cha Ezara mlembi, atakhala pampando alikulemba, kumbuyo kwake kuli kabati yotsekula yosonyeza mabuku 9; kulinso chojambula cha chihema chokomanako chodzaza masamba awiri.

Popeza zonsezi zinali zonunkhira Chiroma, ndipo bukulo linakhala zaka mazana ambiri m'nyumba ya amonke ya San Salvatore pa phiri la Amiata ku Italy, lisanasamutsidwire ku laibulale ya Laurenziana ku Florence m'zaka za m'ma 1780, akatswiri sanakayike kuti linabadwira m'dziko lomwelo. Ngakhale ndakatulo yopereka mphatso, imene ili patsamba lina loyambirira, inatchula woperekayo kuti ndi Petrus wa mtundu wa Alombadi. Ine sindiwaseka akuluakulu aja, pakuti zilembozo zikhoza kunyenga aliyense.

Koma akale anati mlandu suwola. M'zaka za m'ma 1880, Giovanni Battista de Rossi, poyang'anitsitsa tsambalo, anaona kuti pamalo ena chikopa chinapalidwa ndi mpeni ndi kulembedwanso, ndi kuti mayina atsopanowo sanali kugwirizana ndi kayendedwe ka ndakatuloyo. Ndipo anaganiza kuti pansi pa Petrus panagona dzina la Ceolfrith. Posakhalitsa F. J. A. Hort wa ku Cambridge anasonyeza kuti ndakatulo yomweyo, yosafufutidwa, inasungidwa m'mbiri yakale ya moyo wa Ceolfrith. Munthu ameneyu anali mkulu wa amonke a ku Wearmouth ndi Jarrow, kumpoto kwa England, kumene kunali Bede wolemba mbiri. Ceolfrith analamula kuti alembe Mabaibulo atatu, awiri a matchalitchi ake, limodzi la mphatso ya ku manda a Petro Woyera. Ndipo atanyamuka nalo mu 716, ali wokalamba, anamwalira panjira ku Langres, osaona Roma. Tsono dzanja lija la Chiroma linali la anthu a kumalekezero a dziko, amene anaphunzira mwa kutsanzira mabuku amene akulu awo anadza nawo kuchokera ku Italy, natsanzira bwino kotero kuti anadzibisa okha.

Mabaibulo anzake awiri aja sanachite mwayi wotere. Otsala ndi masamba ochepa chabe, ndipo ambiri a iwo anapulumuka chifukwa anthu a m'zaka za m'ma 1500 anawang'amba nakutira nawo makalata a minda ya banja la Willoughby; lero ali ku British Library ku London. Ndi chifukwa chake katswiri wa ntchito yathu akapatsidwa buku, amayamba wasuzumira m'chikuto ndi kumsana kwake asanawerenge vesi ndi limodzi lomwe. Amiatinus mwini wake anabwerekedwa ku laibulale yomweyo mu 2018, naonetsedwa kwa anthu a dziko limene analichoka zaka 1,302 m'mbuyomo, kenaka anabwezedwa ku Florence.