Malipiro a pamzere: momwe olemba malipoti a madokotala amapezera ndalama ku America

M'zipatala zambiri za m'dziko la America, dokotala akatha kuona wodwala salemba yekha lipoti lonse. Amalankhula m'makina ojambula mawu, kufotokoza matenda amene wapeza, mankhwala amene wapereka ndi zoyenera kuchitika pambuyo pake. Mawuwo amatumizidwa kwa mlembi amene amawamvetsera ndi kuwataipa pakompyuta kuti alowe m'failo ya wodwalayo. Ntchitoyi pa Chingerezi imatchedwa medical transcription, ndipo ambiri mwa oigwira ndi amayi ogwirira kunyumba kwawo.

Chimene chakhala chikubutsa mkangano pantchitoyi kwa zaka zambiri ndi kalipiridwe kake. Zipatala zina zimalipira alembi awo pa ola, koma makampani ambiri amene zipatala zimawapatsa ntchitoyi amalipira potengera mizere imene munthu walemba. Zimafanana ndi ganyu ya kumunda, imene munthu amalandira malinga ndi ndime imene walima, kaya nthaka inali yofewa kapena youma gwa.

Mzere ndi chiyani?

Muyeso wodziwika kwambiri ndi wakuti mzere umodzi ndi zilembo 65. Kusiyana kumabwera pa zimene zikuwerengedwa. Makampani ena amawerenga zilembo pamodzi ndi mipata ya pakati pa mawu, pamene ena amangowerenga zilembo zooneka ndi maso papepala. Pa Chingerezi mpata umabwera pafupifupi pakatha zilembo zisanu zilizonse, choncho mlembi amene sawerengeredwa mipata amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a ntchito yake, ngati mtengo wa mzere sunakwezedwe. Palinso nkhani ya mitu ya lipoti, dzina la wodwala ndi tsiku, zimene ena amalipira pamene ena salipira.

Kuwerenga mizere kwafikitsapo kampani pamilandu. Mu 2004 kampani ya MedQuist, imene panthawiyo inali yaikulu kuposa zonse pantchitoyi ku America, inaulula kuti panali zolakwika pa momwe inkawerengera mizere polipiritsa zipatala zina. Mu 2009 bungwe la boma loyang'anira malonda a masheya, Securities and Exchange Commission, linaiimba mlandu wochulukitsa mizere pamabilu a makasitomala ake.

Masamu a tsiku limodzi

Mtengo wa mzere umakhala masenti owerengeka. Mwachitsanzo, mlembi wolandira masenti 8 pamzere, amene wapatsidwa ndime ya mizere 1,200 pa maola asanu ndi atatu, ayenera kulemba mizere 150 pa ola. Akakwanitsa, amapeza madola 12 pa ola. Koma dokotala akakhala wolankhula mothamanga, womeza mawu, kapena wojambula mawu pamalo aphokoso, mlembiyo amabwereza chiganizo chimodzi kangapo. Akatsika kufika pa mizere 80 pa ola, ndalama yake imakhala madola 6.40.

Nthawi yofufuza kalembedwe koyenera ka dzina la mankhwala, yodikira ntchito ikatha pamndandanda, kapena yokonza intaneti ikavuta, siibala mzere uliwonse. Lamulo la Fair Labor Standards Act la 1938 limati wolembedwa ntchito, ngakhale alipidwe potengera zimene wapanga, asalandire zochepera malipiro otsikitsitsa, amene m'boma lalikulu akhala madola 7.25 pa ola kuyambira 2009. Limatinso maola opitirira 40 pamlungu alipidwe mowonjezera. Koma alembi ambiri amatengedwa ngati odziimira paokha, ndipo lamuloli siliwateteza.

Liwiro ndi kulondola

Pamwamba pa ndime pali muyeso wina: makampani ambiri amafuna kuti lipoti likhale lolondola ndi maperesenti 98 kapena kuposa. Akuluakulu amasankha malipoti ena n'kuwaunika, ndipo zolakwika zikachuluka mlembi amachenjezedwa, amatsitsidwa mtengo kapena kuchotsedwa kumene. Motero munthu mmodzi amakokedwa mbali ziwiri: athamange kuti apeze ndalama, komanso adekhe kuti asalakwitse.

Kulakwitsa pantchitoyi kumakhudza moyo wa munthu. Mawu a Chingerezi otanthauza 15 ndi 50 amamveka mofanana, chimodzimodzinso hypo ndi hyper, amene lina limatanthauza kuchepa pamene linzake limatanthauza kuchuluka. Mu 2012 khoti la m'chigawo cha Alabama linagamula chipukutamisozi cha madola 140 miliyoni pa imfa ya mayi wina wodwala matenda a shuga. Dokotala anali atanena mayunitsi 8 a insulin, koma lipoti, limene linataipidwira ku India, linalemba 80.

Kubwera kwa makina

Mpikisano wa alembi a ku India ndi ku Philippines, kumene malipiro ndi otsika, unayamba kukankhira mitengo pansi. Kenaka kunabwera mapulogalamu a kompyuta osandutsa mawu olankhulidwa kukhala zolembedwa, monga Dragon ya kampani ya Nuance, imene Microsoft inagula mu 2022. Alembi ambiri anasanduka okonza zimene makina alemba. Poganiza kuti kukonza n'kofulumira kuposa kutaipa, makampani amalipira mzere wotere pafupifupi theka la mtengo wakale. Wolandira masenti 4 ayenera kukonza mizere 300 pa ola kuti afike pa madola 12 aja, chonsecho ayenerabe kumvetsera mawu onse a dokotala, chifukwa makina amatha kulemba mawu olakwika m'chiganizo chooneka bwinobwino.

Lamulo la HITECH la 2009 linalimbikitsanso zipatala kusunga mbiri ya odwala pakompyuta, moti madokotala ambiri anayamba kudzaza okha mafomu. Nthambi ya boma yosonkhanitsa ziwerengero za ntchito, Bureau of Labor Statistics, ikuyembekezera kuti chiwerengero cha alembiwa chipitirira kutsika.

Olemba ntchito amati kulipira pamzere kumapindulitsa wakhama ndipo kumathandiza chipatala kudziwiratu zimene chidzawononge. Alembi nawo amati njirayi imasenzetsa wantchito mavuto amene sanawayambitse, monga dokotala wosamveka ndi makina olakwitsa. N'chifukwa chake malo ena amaphatikiza njira ziwirizi: malipiro okhazikika a pa ola, ndi bonasi kwa wopitirira ndime popanda kuchulukitsa zolakwika.

Kwa aliyense wolowa ntchito yotere, mtengo wa mzere pawokha sunena zambiri. Ayenera kufunsa kuti mzere uli ndi zilembo zingati, ngati mipata ikuwerengedwa, ndime ya tsiku ndi yotani, ndani amalipira nthawi yodikira, komanso chimachitika n'chiyani lipoti likapezeka ndi cholakwika.