Kadontho ka pamapu kakutiposa pa masewero

Tsiku lina ndikuphunzitsa jogalafe ku Fomu 2 pasukulu yathu kuno ku Namitete, ndidapachika mapu a Africa pabolodi n'kuuza ophunzira kuti andilozere maiko onse a m'bungwe la SADC. Zambia, Mozambique ndi Tanzania adawapeza mosavuta. Titafika pa Seychelles, kalasi yonse idangoti zii. Mnyamata wina adayandikira mapuwo, n'kuwayang'anitsitsa, kenako adati: "Aphunzitsi, apa palibe dziko, ndi ntchentche yangodetsapo." Anzake adafa nalo phwete. Inenso ndidaseka nawo, koma madzulo ake nditapita kubwalo kukayang'anira masewero, chifukwa ntchito imeneyi ilinso m'manja mwanga, ndidayamba kuganiza kuti kadontho kameneka kali ndi zotiphunzitsa ife amene timadziona ngati dziko lalikulu.

Seychelles ndi dziko la zilumba 115 m'nyanja yamchere ya Indian Ocean. Anthu ake ndi ongopitirira pang'ono 100,000. Pa kalembera wa 2018, madera akumidzi a boma la Lilongwe okha adali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni. Ndiye kuti ife a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi madera ena ozungulira mzindawu tikhoza kudzadza dziko la Seychelles kokwana ka 15 n'kutsalako. Komatu kadziko kameneka kamatumiza timu yake ku mpikisano wa masewero osiyanasiyana wa zilumba za m'nyanjayi, wotchedwa Indian Ocean Island Games, ndipo kadachititsapo mpikisanowu kawiri, m'chaka cha 1993 ndi cha 2011.

Mpikisano wa zilumbawu udayamba mu 1979 pachilumba cha Réunion, ndipo masiku ano umachitika zaka zinayi zilizonse. Opikisana ndi Madagascar, Mauritius, Seychelles, Comoros, Maldives, Réunion ndi Mayotte. Kumakhala mpira wamiyendo, liwiro, kulumpha, kusambira, nkhonya, kunyamula zitsulo ndi masewero ena. Mu 2019 adakumana ku Mauritius, mu 2023 ku Madagascar, ndipo Comoros ndiyo idasankhidwa kuti ichititse wa 2027. Eni ake sautenga mwachibwana. Mu 2015 timu ya Comoros idanyanyala n'kubwerera kwawo ochita masewero a ku Mayotte ataguba ndi mbendera ya France pamwambo wotsegulira, popeza Comoros imati chilumba cha Mayotte n'chake.

Phindu la mpikisano wotere kwa dziko laling'ono n'lakuti umakhala makwerero. Mwana wa ku Seychelles sangadumphe kuchoka pabwalo la sukulu n'kukagwera ku Olympics. Amayamba wapikisana ndi anansi amene akufanana naye mphamvu, n'kuzolowera phokoso la bwalo lodzadza ndi anthu, n'kudziwa kuti nthawi kapena mlingo wake uli pati poyerekeza ndi anzake. Mu 2011 timu ya mpira ya Seychelles, imene kawirikawiri imagonja m'mipikisano ya Cosafa, idatenga mendulo ya golide pakwawo itagonjetsa Mauritius pa mapenote. Mtsikana wa kumeneko, Lissa Labiche, adakhala katswiri wa Africa yense pa kulumpha m'mwamba mu 2012 ndi 2016, ndipo adapata golide pa African Games ku Brazzaville mu 2015. Dziko lakelo silidapatepo mendulo ku Olympics, monganso ife, koma pa Africa dzina lake limamveka.

Wina anena kuti Seychelles ndi dziko lolemera, ndipo n'zoona. Alendo odzaona malo komanso nsomba za tuna zimawapatsa ndalama zimene ife tilibe. Nanga Comoros? Ili ndi dziko losauka, la anthu osakwana 1 miliyoni. Mu Januwale 2022, pamene ife timavina chigoli cha Gabadinho Mhango chimene adamwetsa Morocco ku Cameroon, Comoros nayo idali itafika mu ndime yomweyo ya matimu 16 itathambitsa Ghana 3-2, pa ulendo wake woyamba ku mpikisano wa Africa Cup of Nations. Ambiri mwa osewera ake adakulira ku France, komabe dziko lawo lidawafunafuna mpaka kuwapeza. Anthu akakhala ochepa, mwana waluso sasowa. Ife kuchuluka kwathu n'kumene kukubisa ana athu.

Anthu ambiri a ku Seychelles amakhala pachilumba cha Mahé, chimene kutalika kwake sikufika makilomita 30. Bwalo lawo lalikulu la Stad Linite, limene lidamangidwa pokonzekera mpikisano wa 1993, lili pafupi ndi mwana aliyense wa pachilumbapo. Kuchoka pano pa Namitete kukafika ku Bingu National Stadium ndi mtunda woposa makilomita 40, wotalika kuposa chilumba chonsecho. Mu Disembala 2022 Malawi idalandira maiko a kummwera kwa Africa pa mpikisano wa achinyamata wa Region 5 mumzinda wa Lilongwe. Maiko 10 ndiwo ali m'chigawochi, ndipo chifukwa cha mpikisanowu tidaona nyumba ya zamasewero ya Griffin Saenda komanso dziwe losambiriramo zikumangidwa. Ndidakondwa kwambiri. Koma nditafunsa ophunzira anga kuti ndi angati adapondapo pa malo amenewa, manja amene adakwera adali owerengeka ndi zala za dzanja limodzi.

Pasukulu pathu pali mtsikana wamtali wa Fomu 3 amene amalumpha modabwitsa. Timazika mitengo iwiri, n'kupingasa nsungwi, ndipo amagwera pa mchenga umene anyamata adatuta kudambo. Sindingamulole kulumpha chagada monga amachitira akatswiri, chifukwa popanda matiresi akhoza kuthyoka khosi. Amalumpha chokhala ngati sizasi, mlingo n'kumayeza ndi rula ya pabolodi. Chaka chamawa alemba mayeso a MSCE, ndipo akachoka pano palibe amene adzadziwe kuti adalipo. Tsiku lina adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndikapambana pano, kenako ndipita kuti?" Ndidasowa chomuyankha. Mlanduwu ndi wanganso. Zaka zonsezi ndakhala ndikuthera mphamvu pa mpira wamiyendo ndi wamanja, chifukwa ndi umene uli ndi zikho, makamaka chisankho chikayandikira, pamene ofuna mavoti amabwera ndi mayunifolomu ndi mipira.

Mendulo zitatu zimene Malawi ili nazo za ku Commonwealth Games sizidachokere ku mpira. Zonse n'za nkhonya: Tatu Chionga mu 1970, Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe mu 1986. Mpira umafuna anthu 11 aluso nthawi imodzi, pamene liwiro, kulumpha ndi nkhonya zimafuna mwana mmodzi ndi mphunzitsi womudziwa. Maiko a zilumba adazindikira zimenezi kalekale. Saint Lucia, chilumba cha ku Caribbean cha anthu osakwana 200,000, idapata golide wa liwiro la mamita 100 ku Olympics ya ku Paris mu 2024 kudzera mwa Julien Alfred, amene ali mwana ankathamanga wopanda nsapato ngati ana athuwa.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi anzanga, makomiti a sukulu, mafumu ndi makhansala a kuzambwe ndi kumpoto kwa Lilongwe. Tidzitenge ngati zilumba, n'kukhazikitsa mpikisano wathu wa masewero osiyanasiyana wa pachaka pakati pa sukulu za ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma. Uzichitika m'teremu yachitatu anthu atakolola, pa sabata yodziwika imene sisintha, kaya kuli chisankho kaya kulibe. Dera lililonse lizilandira anzake mosinthana, ndipo limene lalandira lizilambula bwalo n'kuyeza njira ya mamita 400 imene idzatsale mpikisano ukatha. Pakhale buku limodzi lolembamo nthawi ndi mlingo wa wopambana aliyense, kuti a bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA ndi akuluakulu a zaliwiro akafuna ana, tiziwapatsa manambala osati nkhambakamwa. Zofunika kugula n'zochepa: wotchi yoyezera nthawi, tepi, laimu wolembera mizere ndi matiresi angapo. Ndalama zake sizingafike ngakhale pa mtengo wa chikho chimodzi cha mpira cha nthawi ya kampeni.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mnyamata uja adafanizira Seychelles ndi litsiro la ntchentche ndidamupatsa ntchito yowerenga masitepe kuzungulira bwalo lathu kuti tidziwe kutalika kwake. Mtsikana wolumpha uja ndamulembera kale mlingo wake m'kope la masamba 40 limene ndidagula pa msika wa Namitete. Dzina lake lili lokha patsamba loyamba. Ndikudikira aphunzitsi a ku Nsaru ndi Kabudula kuti abweretse ana awo adzayese kumuposa.