Timadontho 6 ta Louis Braille

Makolo akabwera ndi mwana wosaona kudzamuyambitsa sukulu, ambiri amandifunsa monong'ona: "Aphunzitsi, ndiye kuti mwanayu aziphunzira chilankhulo china?" Iyayi. Braille si chilankhulo, ndi kalembedwe chabe. Mwana amene akuwerenga Chichewa ndi zala akuwerenga Chichewa chomwechi chimene mnzake akuwerenga ndi maso. Ena amaganizanso kuti osaona amabadwa ndi zala zodabwitsa, ngati kuti Mulungu atawamana maso anawalipira m'manja. Ine amene ndimawaphunzitsa ndikukuuzani kuti zala zawo ndi ngati zanu zomwezo. Luso lonse lagona m'kalembedweko, ndipo amene anakakonza anali mnyamata wosaona wa zaka 15.

Louis Braille anabadwa pa 4 Januwale 1809 m'mudzi wa Coupvray, kum'mawa kwa Paris ku France. Bambo ake anali mmisiri wa zikopa, ankasoka zishalo ndi zingwe za akavalo. Ali ndi zaka 3, Louis akusewera m'nyumba yogwirira ntchito ya bambo akeyo, anadzibaya m'diso ndi chitsulo chosongoka. Diso linatukusira, matenda analowa m'diso linalo, ndipo pofika zaka 5 sankaonanso. Mu 1819 anam'tumiza kusukulu ya ana osaona ku Paris, imene anayambitsa Valentin Haüy.

Mabuku analipo pasukulupo, koma ochepa, aakulu ndi olemera. Ankatenga zilembo zomwezi za anthu oona, n'kuzidinda zikuluzikulu kuti zitundumuke papepala. Kwa munthu woona nzeruyi imaoneka yabwino kwabasi. Koma tsinzinani, wina akupatseni chilembo chotundumuka, musiyanitse O ndi Q, kapena C ndi G. Chala chimayenera kuzungulira chilembo chonse, ndipo mukamafika kumapeto kwa chiganizo mwaiwala kale mawu oyamba. Choipitsitsa, ana sankatha kulemba okha zilembo zoterozo.

Cha mu 1821 pasukulupo panafika njira ya munthu wina dzina lake Charles Barbier, yolemba ndi timadontho totundumuka, mpaka 12 pamalo amodzi. Louis anaona kuti timadontho tikumveka bwino kuchala kuposa mizere yokhotakhota, koma 12 n'tambiri, chala sichingatikwanitse tonse pakamodzi popanda kukwera ndi kutsika. Anatichepetsa kukhala 6, atatu kumanzere, atatu kumanja, kuti chilembo chonse chikwane pansi pa chala chimodzi. Mu 1824 njira yake inali itatheka, ndipo mu 1829 anaisindikiza m'buku.

Timadontho timeneti tili ndi manambala. Kumanzere kuchokera pamwamba ndi 1, 2, 3, kumanja ndi 4, 5, 6. Posintha toti titundumuke ndi toti tisatundumuke, pamatuluka zizindikiro 63. Chilembo a ndi kadontho 1 kokha, b ndi 1 ndi 2, c ndi 1 ndi 4. Zilembo khumi zoyamba, a mpaka j, zimagwiritsa ntchito timadontho tinayi ta pamwamba. Kuti mupeze k mpaka t, mumatenga khumi zomwezo n'kuwonjezera kadontho 3. Manambala nawo ndi a mpaka j yemweyo, kungoti patsogolo pamakhala chizindikiro chochenjeza kuti zikubwerazi ndi nambala. Chilembo chimene chimasokoneza mndandanda ndi w, chifukwa Chifalansa cha nthawi ya Louis sichinkachifuna kwenikweni, choncho chinachita kulowetsedwa pambuyo pake. Ana athu w ameneyu amamuloweza msanga, poti m'Chichewa simungayende mzere umodzi osakumana naye.

Mwana watsopano sindiyamba n'kumupatsa pepala. Ndimamuikira zitsekerero za mabotolo 6 pathabwa, n'kumuuza kuti achotse ichi, abwezere icho, mpaka adziwe malo a kadontho kalikonse. Kenako timaphunzitsa chala kuyenda. Chala chikangoima pachilembo sichimva kanthu, chiyenera kutsetsereka mopepuka kuchoka kumanzere kupita kumanja. Ongoyamba kumene amakanikiza ngati akufuna kupha nsabwe, ndipo timadontho timaphwanyika, buku n'kuwonongeka. Timawazoloweretsa manja onse awiri, lamanja likumaliza mzere, lamanzere likufunafuna poyambira mzere wotsatira. M'mwezi wa Juni kukazizira, phunziro limayamba ndi kutikita manja, chifukwa zala zikachita dzanzi sizimva timadontho bwinobwino.

Kulemba ndiye kumene kumadabwitsa alendo. Pa sileti, mwana amabaya pepala ndi kachitsulo kosongoka, ndipo timadontho timatulukira kuseri. Ndiye kuti amalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, chilembo chilichonse chotembenuza, kuti akatembenuza pepala chiwerengeke bwino. Makina a Perkins, amene anayamba kupangidwa ku America mu 1951, anachepetsa vutoli. Ali ndi batani limodzi pa kadontho kalikonse, ndipo mwana amadina mabatani a chilembo chonse nthawi imodzi. Koma ndi odula, ndipo akawonongeka, wowakonza sapezeka pafupi.

Mungaganize kuti sukulu ya ku Paris ija inam'nyamula Louis pamapewa. Sizinatero. Anakhaladi mphunzitsi pomwepo, ankaimbanso limba m'matchalitchi a mumzindawo, koma aphunzitsi oona ambiri sankafuna zilembo zimene iwo sakanatha kuwerenga. Mkulu wina wa sukuluyo, Pierre-Armand Dufau, anafika poziletsa, ana n'kumalemba mobisa. Louis anamwalira ndi chifuwa chachikulu pa 6 Januwale 1852 ali ndi zaka 43, ndipo njira yake inavomerezedwa mwalamulo mu 1854, iye ali m'manda. Mu 1952 mafupa ake anawasamutsira ku Panthéon, kumene France imaika anthu ake otchuka, koma a ku Coupvray anatsala ndi mafupa a manja ake.

Masiku ano otsutsa Braille amabwera ndi foni m'manja. Amati popeza foni ndi kompyuta zimatha kuwerengera munthu mokweza, bwanji tikuvutitsa ana ndi mabuku olemera chonchi? Kulemerako n'zoona, Baibulo lathunthu la Braille limakwana mabuku pafupifupi 40. Zipangizo zolankhulazo nanenso ndimazikonda, ndipo ana akuluakulu ndimawalimbikitsa kuzidziwa. Koma mwana amene amangomvetsera sadziwa kuti mawu akuti ng'ombe ali ndi kachizindikiro pakati, sadziwa pamene chiganizo chathera, ndipo samu ya magawo sangaiyale ndi khutu. Mwana woona palibe amene angam'lande pensulo n'kumupatsa wailesi, ndiye sindiona chifukwa chochitira zimenezo kwa mnzake wosaona.