Kuseri kwa kabati ya maseva, nthambo zili lende

Chiyambireni anthu kugula magetsi, kulipira madzi ndi fizi ya ana pa foni, mawu oti "netiweki yavuta" sasowa pamzere wa kubanki kapena pa kauntala ya ejenti. Ambiri amaloza chala mvula kapena kuthima kwa magetsi. Koma nthawi zina gwero la vutolo limakhala m'chipinda chozizira chopanda mawindo, momwe maseva amasanjikizidwa m'makabati achitsulo.

Mu data center ina mumzinda wa Blantyre, kabati ya 42U, yotalika pafupifupi mamita awiri, inkaoneka yaudongo kutsogolo, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Chitseko chakumbuyo chitatsegulidwa, nkhani inasintha. Nthambo zabuluu, zachikasu ndi zotuwa zinali lende ngati mizu ya kachere. Ina ya mamita asanu inkalumikiza makina awiri otalikirana chikhato chimodzi, yotsalayo atangoikulunga n'kuiponya pansi. Ya fibre, yomwe mkati mwake muli kagalasi kosafuna kupindidwa kwambiri, inali itapanikizika pa hinji. Pa nthambo imodzi panali kapepala komata kofiirira ndi ukalamba kolembedwa kuti "osazula". Anailumikizayo anasiya ntchito kalekale, ndipo komwe ikulowera palibe akudziwa.

Seva imakoka mpweya wozizira kutsogolo n'kulavula wotentha kumbuyo. Mtolo wa nthambo ukatseka njirayo, mafani amalira kwambiri, makina amatentha, ngakhale chipinda chili pakati pa madigiri 18 ndi 27 omwe amalimbikitsidwa.

Za kulemba chizindikiro mbali zonse ziwiri za nthambo, kapena kuyendetsa zamagetsi padera ndi za data, akatswiri awiri omwe amakonza kabatiyo sanatsutsane. Mkangano unabuka pa chomangira.

Wamkuluyo amakhulupirira ma cable tie apulasitiki. Akuti ngotchipa, amapezeka mu hadiweya iliyonse, ndipo ukamanga wamanga. Mnyamata wophunzira ntchito sangabwere mawa n'kusokoneza mtolo. Mnzakeyo, mayi wachitsikana, safuna n'kuwaona komwe. Iye amagwiritsa ntchito malamba a Velcro. Mfundo yake njakuti cable tie ikakokedwa mwamphamvu imafinya nthambo ya Cat6, n'kusokoneza timawaya tisanu ndi titatu topotana tiwiritiwiri mkatimo, ndiye data imayamba kudukaduka pomwe kunja nthamboyo ikuoneka yabwinobwino. Komanso kuti uwonjezere nthambo imodzi yokha uyenera kudula zomangira zonse, ndipo mpeni kapena pulayala ikaterereka pang'ono, nthambi yonse ya banki ikhoza kugona osagwira ntchito. Anaonetsanso zipsera kumkono, zomwe timichira takuthwa ta pulasitiki yodulidwayo tinamusiyira.

Wamkulu uja sanagonje. Akuti vuto ndi dzanja lomanga, osati pulasitiki, ndipo a ku akaunti akaona mtengo wa Velcro amabweza pepala la oda. Kunena zoona, m'kabati momwe nthambo zimasinthidwa mwezi ndi mwezi, mayiyu ndiye akulondola. Pulasitiki ikhale ya mitolo yam'mwamba yomwe sikhudzidwa kwa zaka.

Ntchito yokonzayo inachitika Loweruka usiku, makasitomala ali mtulo. Nthambo zakufa, zosalumikiza kanthu mbali ina, zinadzaza thumba la feteleza. Mlonda wa pageti anapemphako zingapo kuti akayanikirepo zovala kunyumba.