Timadontho m'diso la mwana wosamva: adatengera m'mimba kapena n'zakumtundu?

Dokotala wa maso akadontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso n'kuunikamo, amaona retina, kansalu kopyapyala ka kumbuyo kwa diso komwe kamalandira kuwala. Mwa ana ena obadwa osamva, kansaluka kamakhala ndi timadontho takuda ndi totuwa, ngati wina wawazapo mchere ndi tsabola. Apa dokotala sayenera kupupuluma, chifukwa matenda awiri osiyana kotheratu amatha kuoneka chimodzimodzi.

Oyamba ndi rubella, wofanana ndi chikuku koma wopepukirapo. Mayi woyembekezera amangotuluka totupa masiku owerengeka n'kuchira, koma ngati mimba ili m'miyezi itatu yoyambirira, kachilomboka kangaononge makutu, mtima ndi maso a mwana. Amene adatulukira zimenezi ndi Norman Gregg wa ku Sydney, mu 1941, ataona makanda ambiri akubadwa ndi ng'ala. Enawo ndi Usher syndrome, matenda akumtundu: mwana amabadwa wosamva, kenako retina imayamba kufa pang'onopang'ono.

Kusiyana kwake kumaonekera pa nthawi. Timadontho ta rubella ndi zipsera za nkhondo yomwe idatha kale. Kawirikawiri sitiwonjezereka, ndipo mwana amaona ndithu. Wa Usher amayamba kupunthwa kukangoda, kuwomba mpando womwe uli pambali pake, mpaka kumaona zokhazo zomwe zili kutsogolo kwenikweni. Tangoganizani mwana amene chilankhulo chake chonse ndi cha manja, maso n'kuyamba kumuthawa. Aphunzitsi ake akufunika kudziwa kudakali nthawi. Makina a ERG, oyeza mmene retina imayankhira kuwala, amathetsa mkanganowu: ya rubella imayankha pafupifupi bwinobwino, pomwe ya Usher imayankha mofooka kapena osayankha n'komwe. Komwe makinawa kulibe, dokotala amamvetsera mtima wa mwana, amafunsa ngati mayi adatuluka totupa ali woyembekezera, amayezanso abale ake.

Chindoko chotengera m'mimba nachonso chimasiya timadontho totere, ndipo chili ndi mankhwala, penicillin. Toxoplasmosis, yochokera ku nyama yosapsa ndi ndowe za mphaka, imasiya chipsera chachikulu pakati pa retina chomwe chimatha kuyambiranso kutupa patapita zaka.

Kunyumba funso limakhala lina: nanga ana otsatira? Rubella sabwereza, popeza thupi la mayi limakhala litapeza chitetezo, ndipo katemera wake adalowa m'ndondomeko ya ana kuno ku Malawi mu 2017. Usher amabwera pamene bambo ndi mayi onse awiri, ngakhale ali bwinobwino, apatsira mwana jini yolakwika, ndipo pa mimba iliyonse mpata woti zibwerezenso ndi 1 mwa 4. Choncho akuchimuna akamati "izi n'zakwanu, kwathu kulibe", amamulakwira mayiyo, chifukwa theka la matendawa lachokera kwa mwana wawo, bamboyo.