Mbuzi ndi kalulu: msipu umodzi, mimba ziwiri

Mbuzi ndi kalulu ndi nyama zodalira msipu, koma palibe mwa ziwirizi imene thupi lake limatha kugaya udzu palokha. Ulusi wolimba umene umaimika phesi la chimanga kapena tsinde la nsenjere, womwe asayansi amautcha selulozi, susungunuka ndi timadzi ta m'mimba mwa nyama yoyamwitsa iliyonse. Ntchito youphwanya imagwiridwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, makamaka mabakiteriya, tokhala m'mimba momwemo. Pamene nyamazi zasiyanirana ndi malo osungirapo tizilomboti: mbuzi imatisunga kumayambiriro kwa njira ya chakudya, kalulu kumapeto.

Aliyense amene anatumbulapo mbuzi amadziwa kuti chifu chake chili ndi zigawo zinayi. Choyamba ndi thumba lalikulu lakuda m'kati, lodzaza ndi msipu wonyowa wa fungo lamphamvu. Chachiwiri chili ndi timabowo tonga zisa za njuchi, chachitatu chili ndi mapindo ambirimbiri opyapyala, ndipo chachinayi, chosalala ndi choterera, ndicho chokha chofanana ndi chifu cha munthu poti ndicho chimatulutsa asidi wogaya chakudya. Mbuzi imathyola masamba mofulumira popanikiza mano akunsi ku nkhama yolimba, pakuti ilibe mano akutsogolo akumwamba, n'kumeza isanatafune mokwanira. Ikagona pamthunzi imabzikula: chakudya chimakwera kummero, imachitafuna mofatsa, n'kumezanso. Malovu ambiri amene amatuluka pamenepo amachepetsa ukali wa asidi wa m'thumba lalikulu lija kuti tizilombo tisafe.

Tizilomboto tikamadya selulozi timatulutsa maasidi amene amalowa m'magazi kudzera m'khoma la chifu, ndipo maasidi amenewa amapatsa mbuzi pafupifupi magawo 70 pa 100 a mphamvu zake. Imodzi mwa maasidiwa chiwindi chimaisandutsa shuga wa m'magazi. Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi chakuti tizilomboto nato timadyedwa. Timakokoloka ndi chakudya kupita ku chigawo chachinayi, asidi n'kutipha, matumbo aang'ono n'kuyamwa mapuloteni a m'matupi mwake. N'chifukwa chake mbuzi imapulumuka mwezi wa Okutobala ikudya mapesi, masangwi a mtedza ndi timasamba touma, ngakhale imaonda.

Kalulu alibe mwayi umenewu. Chifu chake ndi chimodzi, cha asidi waukali, ndipo chakudya chimadutsa matumbo aang'ono chisanakumane ndi tizilombo togaya ulusi. Tizilomboto timakhala m'thumba lalikulu lopindika lotchedwa caecum, pokumanira matumbo aang'ono ndi aakulu. Maasidi opatsa mphamvu amalowa m'magazi kuchokera pomwepo, koma mapuloteni a tizilombo amapangidwa malo oyamwira chakudya atadutsa kale. Zikanathera pamenepo, bwenzi zonsezo zikutayika ndi ndowe.

Matumbo aakulu a kalulu amasankha. Tizidutswa tikulutikulu ta ulusi amatikankhira kunja msanga, ndipo ndito timibulu touma timene timaunjikana pansi pa khola. Tizidutswa tosalala ndi madzi amazibweza m'thumba muja kuti tizilombo tigwirepo ntchito. Kenaka, kawirikawiri usiku kapena m'mamawa, mumatuluka timibulu tina tofewa, tomatirirana pamodzi, tokutidwa ndi chinthu choterera. Kalulu amapinda msana, kutitengera pakamwa pomwe tikutuluka, n'kumeza osatafuna. Timakhala m'chifu maola angapo, kenaka n'kugayidwa, ndipo apo m'pamene amapeza mapuloteni aja pamodzi ndi mavitamini B ndi K. Dokotala wa ziweto wa ku France, Charles Morot, analemba za khalidweli mu 1882, koma mpaka lero alimi ambiri oweta akalulu sanalionepo, chifukwa limachitika mwachangu, anthu ali mtulo. Mlimi akayamba kupeza timibulu tofewati tambiri titasiyidwa m'khola, adziwe kuti chilipo chalakwika, kaya pa chakudya kapena pa thanzi la kaluluyo.

Pa msipu wouma, wokhwima, mbuzi ndiyo ili patsogolo, ndipo izi n'zosakayikitsa. Imasunga chakudya m'mimba nthawi yaitali, kuchitafuna kawiri, n'kufinyamo zambiri. Kalulu amataya ulusi wochuluka usanagayike, choncho amafuna masamba anthete monga kholowa, chisoso ndi bonongwe. Komabe kumumana udzu wolimba n'kumupha. Ulusi umene saugayawo ndi umene umayendetsa matumbo ake ndi kuperesa mano, omwe amakula moyo wake wonse. Kalulu wodya madeya okhaokha matumbo amaima, ndipo poti satha kusanza, chimene chalowa chilibe pobwerera.

Mbuzi nayo ili ndi pofera pake. Ikalowa m'nyumba n'kupeza thumba la madeya kapena chimanga chotsegula, imadya mosaleka. Mabakiteriya okonda ufa amachulukana mwadzidzidzi, asidi amakwera, ogaya udzu aja amafa, ndipo mbuzi yonenepa bwino ikhoza kufa pasanathe masiku awiri. Vuto lina ndi mpweya. Tizilombo timautulutsa wochuluka ndipo mbuzi imayenera kugeya pafupipafupi. Msipu wanthete wa mvula zoyamba, makamaka wa mbewu za m'gulu la nyemba, ukachita thovu m'chifu, mpweya umatsekeka, mbali yakumanzere ya mimba n'kufufuma mpaka nyama kulephera kupuma. Mankhwala nawo amafuna kusamala: amoxicillin ndi ena a mtundu wa penicillin akamwetsedwa kalulu amapha tizilombo tabwino ta m'thumba lake, iye n'kutsekula m'mimba mpaka kufa. Mankhwala otsala a munthu asamapite kukhola mlangizi wa ziweto asanafunsidwe.

Mtengo wa lukina umaonetsa bwino phindu la kukhala ndi tizilombo kutsogolo. Masamba ake ali ndi mapuloteni ochuluka, komanso ali ndi poizoni wotchedwa mimosine amene amathothola ubweya ndi kupinimbiritsa chiweto chikaudya wambiri. Wasayansi wa ku Australia, Raymond Jones, anaona kuti mbuzi za ku Hawaii zimadya lukina wochuluka osadwala, pamene ziweto za kwawo zinkadwala. M'zaka za m'ma 1980 anatenga tizilombo ta m'chifu cha mbuzi za ku Hawaii n'kutithira m'ziweto za ku Australia, ndipo vutolo linachepa. Bakiteriya amene amaphwanya poizoni wochokera ku mimosine anadzatchedwa Synergistes jonesii pomulemekeza. Mwa kalulu, poizoni amafika m'matumbo aang'ono ndi kulowa m'magazi asanakumane ndi tizilombo ta m'thumba lija, choncho lukina wa kalulu azikhala wochepa, wosakaniza ndi masamba ena.