Chilungamo Ndi Nthiti Zotchinga Mtima wa Mkhristu

Amayi anzanga, taikani dzanja pachifuwa panu. Zimene mukukhudzazo ndi nthiti. Zilipo 24, mbali iyi 12, mbali inayo 12, ndipo ntchito yake ndi kutchinga mtima ndi mapapo. Kuchipatala timalandira anthu ogwa panjinga ya kabaza. Nthiti imatha kuthyoka, munthu n'kumva ululu kwa milungu pafupifupi 6, koma mtima uli bwinobwino.

Paulo Woyera, m'mutu 6 wa kalata yake kwa Aefeso, anafanizira chilungamo ndi chovala chachitsulo chimene msilikali ankavala pachifuwa. Sanalonjeze kuti wovala chida chimenechi sadzaponyeredwa mivi. Adani adzabwera ndithu, mayesero nawonso. Chilungamo chimaletsa kuti asafike pamtima.

Chaka chilichonse, Lolemba la sabata yachisanu ya Lenti, timamva pa Misa nkhani ya Suzana, ya m'mutu 13 wa buku la Daniele. Anali mayi wapabanja ku Babiloni. Akuluakulu awiri, oweruza milandu, anamubisalira m'munda pamene ankasamba, namuuza kuti asankhe: agone nawo, apo ayi akamunamizira kuti amupeza ndi mnyamata, mlandu umene chilango chake chinali imfa. Suzana anakana ndipo anakuwa. Bwalo linakhulupirira akuluakuluwo n'kumugamula kuti aphedwe. Koma mnyamata Daniele anawafunsa mmodzimmodzi kuti tchimolo analionera pansi pa mtengo wanji. Aliyense anatchula mtengo wake, bodza n'kuululika.

Taonani, chilungamo sichinamupewetse Suzana manyazi a pabwalo. Misozi anakhetsa. Koma poti analibe kanthu kobisa, adani ake anasowa pogwira. Wonama ndiye amavutika kukumbukira mtengo umene anatchula dzulo.

Akuluakulu aja alipobe pakati pathu. Ndi bambo amene akuuza mayi wamasiye kuti dzina lake lilowa m'kaundula wa olandira thandizo akavomera kukumana naye madzulo. Ndi mphunzitsi amene akulonjeza mtsikana wanu kuti amukhozetsa mayeso. Yesero lina ndi lachete: ndinu msungichuma wa bungwe kapena wa banki m'khonde, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndalama za gulu zili m'chitini kuchipinda. Mukatapako mwakachetechete, mwapatsa mdani chogwirira. Mawa amene wadziwa chinsinsi chanucho akakupemphani choipa, mudzakana bwanji?

N'chifukwa chake chilungamo chimavalidwa nkhondo isanayambe. Ndalama za gulu ziziwerengedwa pamaso pa onse, mlembi alembe, awiri asaine. Mukasowa, pemphani ngongole poyera. Umphawi si tchimo, tchimo ndi kutenga mobisa. Nkhani ya mnzanu imene mulibe nayo umboni ithere m'makutu mwanu. Kumbukirani kuti khamu limene linatsala pang'ono kupha Suzana linali la anthu opembedza, amene anangomva n'kukhulupirira osafunsa. Ndipo ngati chida chanu chang'aluka, Sakramenti la Kulapa lilipo. Pitani kwa Bambo Mfumu, mubweze zimene munatenga, muyambirenso.

Pali china chimene ndikufuna tichimvetse, poti kuchipatala timaona misozi yake. Mayi kapena mtsikana amene wagwiriridwa sanataye chilungamo chake. Wochimwa ndi amene wamugwirirayo. Mayi amene wapezeka ndi HIV, kapena amene wapita padera, sakulangidwa ndi Mulungu. Tikamaphunzitsa ngati kuti wolungama sagweredwa tsoka, ovulalawo amabisala, ndipo kubisalako kumapha.

Suzana anakuwa. Aphunzitseni ana anu aakazi kukuwa ndi kuulula. Wogwiriridwa afike kuchipatala msanga, asanasambe ngati n'kotheka, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Nkhaniyo ipite ku Victim Support Unit ya kupolisi, isathere pabwalo la ankhoswe ndi chindapusa cha mbuzi. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo sangakwatiwe. Kholo lolandira ndalama kuti mlandu uzizire lakhala kumbali ya akuluakulu awiri aja.

Nthiti imodzi payokha sitchinga mtima, zimagwirira pamodzi. Pamsonkhano wanu wotsatira, mukatha Kolona, werengani nkhani ya Suzana yonse, kenako mufunsane: m'mphakati mwathu muno, ndani akukakamizidwa kusankha pakati pa njala ndi tchimo? Mumuyendere sabata yomweyo, mutasenzako kaufa. Mayi amene anzake amuchirikiza amakhala ndi mphamvu zokana.